Ngongole ya Mtovu ku Kasanda: Kodi Mwana wa Mawa ndi Wotsika Mtengo?

M'masamu a chaka chomaliza ku sekondale muli fomula imodzi imene imagwirizanitsa aljebra, ma function, za ndalama ndi calculus. Fomulayo ndi A = P(1 + r)ⁿ. P ndi ndalama yobwereka kapena yosungitsa, r ndi chiwongoladzanja cha pa chaka, n ndi chiwerengero cha zaka, ndipo A ndi ndalama yonse pamapeto pake. Ophunzira a Giredi 12 ku Zambia amakumana nayo pamayeso a Examinations Council of Zambia, ndipo anzawo a ku Malawi amaiphunziranso asanalembe MSCE. Ikawerengedwa cha kutsogolo, imasonyeza mmene ngongole imakulira. Ikatembenuzidwa n'kukhala P = A ÷ (1 + r)ⁿ, imanena kuti chinthu chodzabwera m'tsogolo n'chochepa mtengo lero. Pa ndalama palibe amatsutsa zimenezi. Mkangano wa anthu a chipembedzo ndi a nzeru zakuya uli pa funso lakuti kodi kuchepa mtengo kumeneko kumafikanso pa thupi ndi moyo wa munthu amene sanabadwe. Komboni ya Kasanda, mu tawuni ya Kabwe, ndi malo amodzi kumene funsoli lili m'dothi la pabwalo.

Aljebra sinayambe ngati masewera a anthu ophunzira. Al-Khwarizmi, amene analemba buku lake ku Baghdad cha m'ma 820, anapereka gawo lalikulu la bukulo ku milandu ya chuma cha masiye: munthu wamwalira, wasiya ana, mkazi ndi ngongole, aliyense alandire zingati? Chosadziwika chimene wophunzira amasakasaka lero, m'milandu imeneyo chinali kawirikawiri gawo la wolandira chuma cha masiye. Ndiye kuti masamu amenewa akhala akuyenda limodzi ndi funso la chilungamo kuchokera pachiyambi.

Kukula kwa ngongole kuli mitundu iwiri. Chiwongoladzanja chikamawerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, K1,000 pa 10 peresenti imawonjezeka ndi K100 chaka chilichonse, ndipo pa girafu pamatuluka mzere wowongoka. Chikamawerengedwa pa ndalama yoyamba pamodzi ndi chiwongoladzanja cha kale, chiwongoladzanjacho chimayamba kubereka chinzake: K1,100 chaka choyamba, K1,210 chachiwiri, pafupifupi K1,949 chachisanu ndi chiwiri, ndipo pofika zaka 30 yakwana K17,449. Mzere wake umayamba mogona, kenako n'kuima. Anthu a m'makomboni amaudziwa mzerewu popanda kuuona pa bolodi. Amene ku Malawi amatchedwa akatapira, ku Zambia ndi a kaloba. Munthu akabwereka K500 pa 30 peresenti pa mwezi n'kulephera kubweza, miyezi itatu yokha ngongole yadutsa kale K1,000, ndipo chaka chikatha ili pa K11,649. Chilimba, chomwe ku Malawi ndi chipereganyu, chimasiyana ndi kaloba pa chilembo chimodzi chokha: m'chilimba r ndi 0, aliyense amalandira zimene anaponya.

Mu 1683 Jacob Bernoulli wa ku Basel anafunsa chimene chingachitike ngati chiwongoladzanja chikuwonjezedwa pafupipafupi. Kwacha imodzi pa 100 peresenti imakhala K2 ikawerengedwa kamodzi pa chaka, K2.25 ikawerengedwa kawiri, K2.61 ikawerengedwa mwezi ndi mwezi, K2.71 ikawerengedwa tsiku ndi tsiku. Ngakhale iwerengedwe mphindi iliyonse, siidutsa 2.71828. Nambala imeneyi Leonhard Euler anaipatsa chilembo e, ndipo ndi msana wa gawo lalikulu la calculus. Chaka chomwecho cha 1683, Gottfried Leibniz, mmodzi mwa anthu awiri amene anatulukira calculus, analemba za ndalama zoyenera kuchotsera munthu amene wabweza ngongole nthawi isanakwane. Kubwereketsa ndalama ndi masamu a kusintha kwa zinthu anakulira m'nyumba imodzi.

Zipembedzo sizinalandire chiwongoladzanja ndi manja awiri. Eksodo 22, Levitiko 25 ndi Deuteronomo 23 amaletsa kuchilandira kwa m'bale wosauka, ngakhale Deuteronomo amalola kuchilandira kwa mlendo. Levitiko 25 amaikanso chaka cha 50 chobwezera minda kwa eni ake, chimene m'chinenero cha masamu ndi kuika malire pa n kuti ngongole isakule mpaka kalekale. Korani, mu sura yachiwiri, imalola malonda koma imaletsa riba, kutanthauza chiwongoladzanja. Aristotle ankati ndalama ndi yosabala, choncho kuiberekesa n'kosemphana ndi chilengedwe. Msonkhano wachitatu wa mpingo ku Lateran mu 1179 unamana akatapira odziwika mgonero ndi maliro a Chikhristu. Mwa zifukwa zonse zimene aphunzitsi a mpingo a nthawi imeneyo ankapereka, chakuya kwambiri chinali chakuti wokongoza amagulitsa nthawi, pamene nthawi ndi ya Mulungu, yopatsidwa kwa onse mofanana. John Calvin, m'kalata ya mu 1545, anafewetsa lamuloli: analola chiwongoladzanja chapakati pa anthu a malonda, koma osati pa wosauka wobwereka kuti adye. Dziko la masiku ano linatsata njira ya Calvin, ngakhale chenjezo lake la wosauka linatsalira m'mbuyo. Pamene mipingo ya ku Zambia, mothandizidwa ndi Jesuit Centre for Theological Reflection ya ku Lusaka, inkamenyera kuti ngongole za dziko zikhululukidwe cha m'ma 2000, inatenga dzina la Jubilee kuchokera ku Levitiko 25 yemweyo, ndipo mu 2005 gawo lalikulu la ngongolezo linafafanizidwa.

Mkangano wonsewo unali wa fomula yoyenda cha kutsogolo. Yotembenuza ija ndi imene ikulamulira zinthu lero, mwakachetechete. Boma, banki kapena kampani ikafuna kudziwa ngati ntchito ina ili yaphindu, imatenga phindu ndi zowononga za chaka chilichonse cha m'tsogolo n'kuzigawa ndi (1 + r)ⁿ kuti zonse ziyerekezedwe pa mtengo wa lero. Pa 10 peresenti, K1,000 ya zaka 30 zikubwerazi ndi K57 lero. Ya zaka 50 ndi K8.52. Ya zaka 90 ndi 19 ngwee. Phindu la mgodi limabwera msanga, choncho limalowa m'buku lili lathunthu. Zowononga zake zimabwera mochedwa, choncho zimalowa zitafota.

Zaka 90 si nambala yongotola. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka ku Kabwe mu 1902 ndi T. G. Davey, amene anatcha malowo Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mu 1921 ogwira ntchito anafukula chigaza cha munthu wamakedzana chimene mpaka pano chili ku Natural History Museum ku London. Kampani ya Anglo American inali ndi gawo mu mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Boma la Zambia linautenga, ndipo unatsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM, utagwira ntchito zaka pafupifupi 90. Kasanda inamangidwa kuti mukhale antchito a mgodi, pafupi ndi ng'anjo zosungunulira miyala, mbali imene mphepo imapita nthawi zambiri. Utsi ndi fumbi zinatera pa madenga, pa mabwalo ndi m'madimba kwa zaka zonsezo. Mgodi utatsekedwa panatsala mulu waukulu wa zinyalala umene anthu amautcha Black Mountain, ndipo anthu osowa ntchito amapitako kukakumba zotsalira kuti agulitse.

Kuopsa kwake sikunadziwike dzulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dokotala wa mgodi, A. R. L. Clark, anayeza magazi a ana a ku Kasanda n'kupeza mtovu wochuluka kwambiri. Mu 2015 akatswiri a University of Zambia ndi Hokkaido University anasindikiza zotsatira za ana 246 a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Onse anali ndi mtovu woposa mamaikulogiramu 5 pa desilita imodzi ya magazi, mlingo umene madokotala amayambira kuchitapo kanthu, ndipo mwana wina anafika pa 427.8. Mankhwala otulutsa mtovu amaperekedwa kuyambira pa 45. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'magazi, ndiponso kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Mwana wokwawa amadya dothi, ndipo amayi ena oyembekezera amalilakalaka. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula, ndipo nzeru zimene zatayika sizibwerera. Pali chowawa china pamenepa: ophunzira amene akuyenera kumvetsa ma function amenewa m'masukulu a Kabwe ndi omwewo amene fumbi linayamba kuwalanda luntha asanalowe Giredi 1.

Mtovu m'thupi umatsata function yofanana ndi ya ngongole, koma yotsika. Munthu wamkulu akachoka pa malo a mtovu, theka la umene uli m'magazi ake limatha pakapita pafupifupi mwezi umodzi, theka la wotsalawo mwezi wotsatira, motero mpaka pa miyezi isanu patsala gawo limodzi mwa 32. Mwa ana amene akhalitsa pa mtovu zimatenga nthawi yotalikirapo. Koma wambiri umabisala m'mafupa, mmene kuti theka lithe pamafunika zaka makumi. Mtsikana amene anasewera m'fumbi la ku Kasanda ali ndi zaka ziwiri akadzakhala ndi pakati ali ndi zaka 22, mafupa ake amatulutsa kashiamu womangira mwana, ndipo mtovu umatuluka nawo n'kulowa mwa mwanayo. Zimenezi zimachitika ngakhale mayiyo atasamukira ku Chipata kapena ku Lilongwe.

Calculus imafotokoza chifukwa chake mankhwala okha sakwanira. B akhale mtovu wa m'magazi, u akhale umene ukulowa pa tsiku, ndipo k akhale gawo limene thupi limatulutsa pa tsiku. Kusintha kwa B ndi dB/dt = u − kB. Zili ngati ndowa yobooka yoikidwa pansi pa mpope: madzi amakwera mpaka otuluka pa bowo afanane ndi olowa, n'kuima pamenepo. Poimapo ndi pamene dB/dt = 0, kutanthauza kuti B = u ÷ k. Mankhwala amakulitsa k kwa masabata angapo, ndipo B amatsika. Mwana akabwerera pa bwalo lomwe lija, k amabwerera mwakale, u sanasinthe, ndiye B amakweranso kufika pa u ÷ k. Chimene chimawononga ubongo si kutalika kwa mzere pa tsiku loyezedwa kokha, komanso malo onse a pansi pa mzerewo kuyambira kubadwa, amene integration imawerengera. M'dothi zinthu ndi zovuta kuposa pamenepa. Mtovu suwola ndipo susanduka chinthu china. M'dothimo k ali pafupi ndi 0, ndipo girafu yake ndi mzere wogona umene sutsika pokhapokha dothilo litachotsedwa kapena kukwiriridwa.

Apa ndi pamene ma function awiri amawombana. Wa m'buku la ndalama umati chowononga cha zaka 90 zikubwerazi chatsika kufika pa 19 ngwee. Wa m'dothi umati sichinatsike n'komwe. Kutsika kuja sikunachitike pa mtovu. Kunachitika m'maso mwa wowerengera.

Oteteza kuchotsera mtengo ali ndi zifukwa zitatu, ndipo si zopepuka. Choyamba n'chakuti ndalama imene yaikidwa pa ntchito lero imakula, choncho kusunga 19 ngwee kuli chimodzimodzi ndi kulipira K1,000 m'tsogolo. Chachiwiri n'chakuti anthu a m'tsogolo adzakhala olemera ndi odziwa zambiri, kotero kuti vuto lomwelo adzalimva mopepuka. Chachitatu chimachokera m'silabasi yomweyi, pa mutu wa kuphatikiza nambala za geometric progression mpaka kosatha. Chowononga cha K1,000 chaka chilichonse mpaka muyaya chimakwana K10,000 pa 10 peresenti, K100,000 pa 1 peresenti, koma r akakhala 0 chiwerengerocho chilibe malire. Dziko lotsata r wa 0 pa chilichonse silingakumbe mgodi, silingamange msewu, ndipo m'badwo wa lero, umene nawonso ndi wosauka, ungafe ndi njala posungira zidzukulu zosawerengeka. Zambia popanda migodi sikanakhala ndi njanji, sukulu ndi zipatala zambiri zimene ili nazo, ndipo mabanja a ku Kasanda anadya ndi kuphunzitsa ana ndi malipiro a mgodi womwewo.

Chifukwa choyamba chimaima pokhapokha ngati 19 ngwee ija inasungidwadi, m'thumba lodziwika, lolembedwa dzina la amene adzavulale. Ikapanda kusungidwa, kuchotserako kumangokhala njira yofafanizira ngongole popanda kuibweza. Malamulo a Zambia okakamiza migodi kuika ndalama m'thumba loteteza chilengedwe anabwera mu 1998, mgodi wa Kabwe utatsekedwa kale zaka zinayi. Komanso amene wavomereza fomula pobwerera m'mbuyo ayenera kuivomereza popita kutsogolo: ngati mtengo umachepa ukamayang'ana m'tsogolo, ndiye kuti ngongole yosalipidwa ya 1930 kapena 1980 yakhala ikukula chaka ndi chaka. Chifukwa chachiwiri chimasakaniza anthu osiyana. Amene analemera ndi mtovu wa Broken Hill si amene akupuma fumbi lake, ndipo tawuni ya Kabwe inasauka mgodi utatsekedwa. Kukula kwa chuma cha dziko lonse sikufika kwa aliyense mofanana. Chachitatu n'choona, koma chimagwira ntchito pa zinthu zimene china chingalowe m'malo mwa chinzake. Thumba la chimanga lingabwezedwe ndi thumba lina. Ubongo wa mwana wa zaka ziwiri ulibe cholowa m'malo, ndipo mwini wake sanasaine pangano lililonse.

Akatswiri a zachuma eni ake amagawa r pawiri. Gawo lina limachokera ku kukula kwa chuma, ndipo lili ndi maziko. Gawo lina ndi kungokonda lero chifukwa ndi lero. Frank Ramsey wa ku Cambridge, polemba mu 1928 ali ndi zaka 25, anati gawo lachiwirili silingatetezedwe pa chikhalidwe ndipo limabwera chifukwa cholephera kuona m'maganizo anthu a kutsogolo. Derek Parfit anapereka chitsanzo cha munthu wosiya magalasi osweka m'tchire: mwana akadzaponda pakapita zaka 100, bala lake silikhala laling'ono chifukwa lachedwa. Mu 2006 Nicholas Stern, powerengera zowononga za kusintha kwa nyengo, anaika gawo la kukonda lero pa 0.1 peresenti, r yense n'kukhala pafupifupi 1.4 peresenti. William Nordhaus, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2018, anamutsutsa kuti r azitsata msika, ndipo mayankho awo anasiyana kutalitali ngakhale ankagwiritsa ntchito masamu amodzi. Kusiyanako kumaoneka pa zaka 90 za Kabwe: K1,000 imakhala K286 pa 1.4 peresenti, K70 pa 3 peresenti, 19 ngwee pa 10 peresenti. Aljebra imathetsa fomula, koma siisankha r. Pa mayeso r amaperekedwa m'funso. Kunja kwa mayeso pali munthu amene amamusankha, ndipo kawirikawiri ndi amene sadzakhala pa malopo n ikadzakwana.

Malemba amalankhula za ana olipira za makolo m'njira ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Eksodo 20 amanena za mphulupulu za makolo zofika mpaka m'badwo wachitatu ndi wachinayi, pamene Ezekieli 18 ndi Yeremiya 31 amakana kuti mwana asenze tchimo la atate ake. Ku Kasanda zonse ziwiri zili ndi malo. Loyamba likufotokoza zimene zimachitika: mtovu umachoka m'mafupa a mayi kupita kwa mwana, ndipo mibadwo inayi ndi zaka pafupifupi 90. Lachiwiri likunena zoyenera kuchitika. Kuwerenga loyamba ngati chilolezo, n'kumati ndi mmene Mulungu analembera, ndi kulakwitsa kofanana ndi kwa wowerengera ndalama uja, chifukwa onse awiri amatenga chosankha cha anthu n'kuchiveka ngati lamulo losasinthika. Dziko la Zambia, limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu mu Disembala 1991, lili ndi chifukwa chapadera chosiyanitsira ziwirizi.

Mabwalo a mafumu anali ndi yankho lawo. Achewa amati mlandu suwola, ndipo Abemba, amene chinenero chawo chimamveka kwambiri mu Kabwe, ali ndi mwambi womwewo. Wolakwa akamwalira, nkhoswe ndi mbumba yake amayankha, ndipo kupita kwa zaka sikuchepetsa chipepeso. Makhoti a masiku ano amavutika ndi zimenezi chifukwa kampani imasintha dzina, eni ake ndi dziko. Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anasumira Anglo American South Africa ku khoti lalikulu la Johannesburg, m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Kampaniyo imakana mlandu: imati inali ndi magawo ochepa chabe, siinali mwini kapena woyendetsa mgodi, ndipo udindo unapita kwa ZCCM ndi boma. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Kugawa mlandu pakati pa eni a zaka zosiyanasiyana ndi funso la integration nalonso, la gawo la fumbi limene linagwa m'zaka za aliyense, koma nthawi imene likukambidwa imawerengedwa m'miyezi ya ana amene akukula.

Chigamulo choyenera n'chakuti fomula yotembenuza ija ndi yolungama pa ndalama ndi pa katundu wobwezeka, bola ndalama yochotseredwayo isungidwedi, koma ilibe ulamuliro pa chovulaza chosabwezeka chogwera munthu amene sanafunsidwe. Pa chovulaza chotero, ntchito ya masamu ndi kupeza njira yotsika mtengo yochiletsera, osati kupeza mtengo umene chingaloledwe nawo. Ku Kasanda njirayo yalembedwa kale mu B = u ÷ k: kutsitsa u pokwirira mulu wa zinyalala, kuchotsa kapena kuphimba dothi la m'mabwalo a nyumba ndi a sukulu, kuika phula m'misewu ya fumbi ndi kubzala udzu. Mu Disembala 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni ya ntchito zokonza malo a migodi ku Zambia, ndipo ina inapita ku kuyeza ndi kuchiza ana a ku Kabwe ndi kukonza mabwalo ena. Ngongoleyo adzabweza ndi okhometsa msonkho a ku Zambia, kuphatikizapo ana omwewo akadzakula. Mu Marichi 2025 bungwe la Human Rights Watch linalemba kuti mulu uja sunakwiriridwe, ndipo makampani ankakumba zinyalala zake n'kuzinyamula pa malole kupita nazo m'madera ena a tawuniyo.